Kakowa wa m'Chikho cha Dalle

Kwathu ku Tamjin, m'chigwa cha ng'anjo, mbale ikatuluka pamoto inali ndi njira ziwiri basi. Ikakhala yabwino ankaikulunga m'mapesi a mpunga n'kuikweza chombo, ulendo wa kwa mfumu ku likulu la Gegyong. Ikakhala ndi kachilema, ngakhale kadontho kochepa ngati nsabwe, inkakumana ndi nyundo. Njira yachitatu kunalibe, ndipo tsiku lotsegula ng'anjo mdindo wa mfumu ankaima pakhomo penipeni kuti pasapezeke wochenjera woitulukira. N'chifukwa chake kuseri kwa ng'anjo iliyonse kunali chulu cha mapale obiriwira, pamene m'nyumba za amisiriwo anthu ankadyera m'timbale takuda tokhakhala, toti ukamapala phala supuni imachita kulira. Akuluakulu sananame, woumba mbiya aphikira m'phale.

Mwa amisiri onse a m'chigwamo panalibe wa nyundo yofulumira ngati Ubok. Agogo a agogo ake anaphunzira ntchitoyi kwa Matchaina amene anawoloka nyanja yakumadzulo ndi nzeru ya ng'anjo yokwera phiri, ndipo alendowo anasiyira banjalo chikho chimodzi chomwera tiyi. Pofika m'manja mwa Ubok chinali chitatsala theka, phale chabe losasunga madzi, koma unkaonabe mmene chinalili: chotambalala kukamwa, chaching'ono kutsinde, chobiriwira ngati madzi a padziwe mvula itangokata, chosalembedwa kanthu. Ubok ankalisunga m'bokosi, lokulunga m'nsalu zitatu. Mbale iliyonse yotuluka m'ng'anjo mwake ankaiyerekeza ndi phale limenelo, ndipo zambiri zimene mdindo akanazilandira ndi manja awiri iye ankaziphwanya mdindoyo asanatsegule pakamwa.

Tsidya lina la mtsinje amisiri achinyamata anali atayamba zawozawo. Ankatenga mbale isanaumitsitse, kuijoba ndi kampeni, kujambulamo akakowa ndi mitambo, kenako kudzaza timizereto ndi dongo loyera n'kupala pamwamba. Ikapsa, mbalameyo inkaoneka mbuu pansi pa kubiriwira kuja. A ku likulu anali atayamba kuzikonda, koma Ubok akaziona ankalavulira pambali.

"Mphini zimenezo," ankatero. "Munthu akatema mphini ndiye kuti pali pamene pakumupweteka. Akubisa dongo losasefa bwino anyamatawo. Mtchaina uja anajambulapo nkhuku pachikho chake?"

"Mtchaina wanuyo munamuona, alamu?" ankamuyankha Makse, mlongo wa mkazi wake, amene ankasonkheza moto wa ng'anjo. "Mwina anali mlesi chabe, kujambula kunkamukanika, inu mwamusandutsa mulungu."

"Iwe khala pa nkhuni zako. Za dongo uzidziwira kuti?"

Mkazi wa Ubok anali Dalle, wochokera kumudzi wa m'mphepete mwa nyanja, kumene madzi akaphwa amasiya matope ataliatali ndipo akakowa amafika chisanu chikamayandikira. Zaka makumi anayi ankaviika dongo m'maenje, kulisefa, kulisefanso, n'kuliponda mpaka lifewe ngati sera. Kubiriwira kumene a ku likulu ankakutama kunkayambira m'mapazi ake ong'aluka zidendene, ngakhale palibe anamufunsapo dzina. Ntchito yake ina inali ya mvula. Mbale zosapsa zimayanikidwa pabwalo, ndipo dongo losapsa likakumana ndi madzi limabwerera kumatope, kaya analiumba ndani. Mtambo ukangoda kuphiri, Dalle ndiye ankayamba kuuona. "Zosapsa! Zosapsa!" ankakuwa akuthamanga ndi mphasa za mapesi kumutu, chigwa chonse n'kudzidzimuka, aliyense kuthamangira pabwalo pake. Ukali wa mwamuna wake sunkamuopsa. Wokwatiwa kwa mphenzi saopa kung'anima, ndipo m'chigwa monse ndi iye yekha amene ankatha kumuuza Ubok pamaso kuti apa mwaphonya.

Chaka china chifuwa chinamugwira Dalle nthawi yokolola balere. Anachiyesa cha masiku onse, chakudza sichiimba ng'oma. Pofika nthawi yomweta mpunga sankathanso kudzuka pamphasa, ndipo mkazi wa Makse ndiye ankaponda dongo.

M'mawa wina Ubok anamubweretsera phala la mawere m'kambale kake kakuda. Dalle anakayang'ana nthawi yaitali osagwira supuni.

"Bambo a Bori," anatero, pakuti mwana wawo mmodzi yekhayo, amene anakwatiwa kuzilumba, dzina lake linali Bori, "ndikapita mudzandiikira mbale iti?"

Kwathu munthu sapita chimanjamanja. Amamuikira mbale yake ndi supuni yake m'manda, kuti akafika asakayambe ndi kubwereka.

"Musalankhule zopusa. Imwani phala lisanazizire."

"Ndafunsa. Iyi?" Anakagogoda ndi chikhadabo. "Ndikafika uko adzandifunsa kuti, mayi, amuna anu ankagwira ntchito yanji? Ine ndidzati ankaumba zomwera mfumu. Adzayang'ana aka, adzaseka mpaka kugwira nthiti. Adzati musatinamize mayi inu, munakwatiwa ndi wootcha makala."

Anaseka yekha, kusekako kunasanduka chifuwa, ndipo pamene anachotsa kansalu pakamwa Ubok anaona kufiira. Onse awiri anachita ngati sanaone.

"Zaka makumi anayi ndikuponda dongo la mbale za mfumu," anatero Dalle mpweya utabwerera, "sindikudziwa kuti chakumwa chimakoma bwanji m'chikho chobiriwira. Kamodzi kokha, bambo a Bori. Ndimweremo, mukatero mundiikire."

Ubok ankadziwa chimene chimagwera mmisiri wopezeka ndi mbale ya mfumu m'nyumba: zikoti pabwalo, ndi kulandidwa ng'anjo ya makolo. Anachita mantha, tisamubisire. Koma chisoni chinaposa mantha, ndipo masana omwewo anakamupeza Makse pamulu wa nkhuni za paini n'kumuuza zonse, maso ali pansi.

Makse anamwetulira. "Ndiye lero phale lija lakusowetsani nzeru mwabwera kwa wa nkhuni? Mverani. Mdindo amatilola kuika mitsuko ya pamudzi kumchira kwa ng'anjo. Saiyang'ana n'komwe, akuti imanunkha umphawi. Pali malo amodzi, kumanzere, pamene moto umafika bwino. Tiikapo mtsuko wa chivinikiro, chikho chili m'kati. Koma ndi chimodzi, alamu. Mitsuko inayo moto wake ndi wofooka, chingatuluke chachikasu ngati mano a nkhalamba."

"Chimodzi chakwana."

"Ndipo musachedwe. Uku n'kuwotcha komaliza. Chisanu chikagwa dongo silipondeka, ndipo achemwali..." Sanamalize.

Ubok anasankha dongo limene Dalle anaponda komaliza asanagone, limene linali litasungidwa m'dzenje pansi pa nsanza zonyowa. Anakhala pagudumu loumbira, kulikankha ndi phazi, phale la Mtchaina lili pambali. Sanaumbepo ndi mtima wotero. Chikhocho chinakwera m'zala zake mopyapyala, chotambalala kukamwa, chaching'ono kutsinde, ndendende. Patapita masiku awiri, chitalimba koma chisanaume, anapita nacho kwa mkazi wake pathabwa.

"Ha!" anatero Dalle. "Chisiyeni pano ndichione bwino. Pitani kuntchito, musandiimirire ngati ndine mwana woti ndiswa."

Anabwerera dzuwa litapendeka. Dalle anali atatsamira khoma, tsitsi lake la imvi litamasuka, kamtengo komangira tsitsiko kali m'manja, nkhope ili thukuta lokhalokha. Pambali pake panali tsamba lokhala ndi kadongo koyera, kamene Makse anakamutengera kutsidya. M'kati mwa chikho, pansi penipeni, munali kakowa. Khosi lake linali lopindika, mwendo umodzi wautali kuposa unzake pamene dzanja linanjenjemera, ndipo pambali pa phiko dongo loyera linali litafalikira.

Ubok anamva ngati amuthira madzi ozizira kumsana.

"Mwachitema mphini!"

"Ndajambulamo mbalame ya kwathu."

"Mwachiwononga, mayi a Bori! Mukudziwa kuti chikho ngati ichi sindinaumbepo? Ndi Makse ameneyu, ndimuonetsa!"

"Makse musiyeni, ndinamutuma ndine. Khalani pansi, mukutchinga kuwala." Anadikira mpaka mwamunayo atakhala. "Zaka zonsezi mwakhala mukuumba chikho cha Mtchaina. Mumaumba, kuphwanya, kuumbanso. N'chake chimenecho, ngakhale mutachiumba kangati. Ichi n'changa. Uko ndikupita kuli anthu ambiri, ndikachizindikira bwanji chopanda chizindikiro?"

"Mbalame yake yomweyi? Iyi ndi nkhuku yothyoka mwendo."

"Ndi yanga yomweyo. Chaka chino sindipita kugombe kukawaona akufika. Ndiye ndamuika pansipa. Ndikamamwa, chakumwa chikamatsika, azitulukira pang'onopang'ono, monga kwathu madzi akamaphwa." Anatseka maso, atatopa. "Mukachiwotche, bambo a Bori. Musandikalipirenso, mphamvu zoyankha zandithera."

Ubok anatuluka ndi chikhocho. M'mawa mwake anakhalanso pagudumu ndi dongo lotsala lija n'kuumba china, chofanana ndi choyambacho ngati mapasa, chosalembedwa kanthu. Anadziuza kuti n'chapadera chabe, mwina chinacho chingang'aluke pouma. Munthu akafuna kulakwa sasowa chifukwa chomveka.

Sichinang'aluke. Tsiku lolongedza ng'anjo zikho zonse ziwiri zinali zouma bwino. Ubok anali yekha m'chisakasa, madzi a phulusa opaka mbale ali m'mbiya patsogolo pake, mtsuko wa chivinikiro uli apo. Anatenga cha kakowa kudzanja lamanja, chinacho kumanzere. Anayang'ana mwendo wokhota uja. Maso ake anali atazolowera zaka makumi anayi kuona chilema chisanaoneke, ndipo dzanja lake linkachita kuyabwa, kufuna nyundo. Anaganiza kuti mkaziyu agwira chobiriwira kamodzi kokha moyo wake wonse, ndiye agwire chopunduka? Akadzaona mtundu wake, mbalame adzaiiwala. Ankakhulupirira ndithu kuti akumuchitira zabwino, ndipo n'zimene zimapweteka pankhaniyi. Anaviika chosalembacho m'madzi a phulusa, kuchiika mumtsuko, n'kumata chivinikiro. Cha kakowa anachikweza pathandala, kuseri kwa miphika yakale.

Moto unayaka masiku awiri. Makse anasonkheza bowo ndi bowo kukwera phiri, nsidze zitapserera, ndipo utsi utasintha mtundu anamata makomo onse ndi matope. Zikatero ng'anjo imasiyidwa masiku asanu kuti izizire yokha. Woitsegula msanga amapeza mapale okhaokha.

Dalle anali atasiya kudya. Mkazi wa Makse ankamunyowetsa milomo ndi madzi a mpunga, ndipo anauza mwamuna wake kuseri kuti munthuyu anatha kale, chikumugwira ndi ng'anjo ija. M'mawa uliwonse Ubok akalowa, funso linali lomwelo.

"Kakowa wanga ali bwanji? Sakumva kutentha?"

"Ng'anjo sifulumizidwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndikudekha, bambo. Kungoti amene akundiitanawo ndiwo sakudekha."

Ubok ankatuluka msanga. Mawu amenewo ankamutsata tsiku lonse, koma madzi anali atatayika kale, ndipo ankadzilimbitsa mtima ndi kubiriwira kumene ankakuyembekezera.

Tsiku lotsegula linafika. Mdindo anabwera pa kavalo wake, atavala chipewa chakuda, n'kukhala pampando pakhomo la ng'anjo. Mbale zinatuluka zikadali zofunda, zikulira ting'i ting'i pokumana ndi mphepo, monga zimachitira. Zabwino zinapita kumapesi, zolakwika kunyundo, ndipo Ubok anaphwanya mofulumira kuposa masiku onse. Makse anasenza mtsuko wa chivinikiro n'kudutsa nawo pamphuno pa mdindo.

"Muli chiyani umo?"

"Ndi wa ndiwo zamchere, bwana. Mkazi wanga wandilalatira chaka chonse. Muufuna munyamulire amayi kunyumba?"

Mdindo anakweza dzanja ngati akuingitsa ntchentche.

Gulu litabalalika, Ubok anatsegula mtsukowo yekha m'chisakasa. Anatulutsa chikho, kupita nacho pakhomo pamene pali kuwala, n'kuchiika pambali pa phale la Mtchaina. Phale lija, limene atate ake ndi agogo ake analithamangitsa mpaka kufa osalipeza, linkaoneka lotuwa pambali pa ichi. Kubiriwira kwake kunali kozama, koti umafuna kuviikamo chala. Misozi inamutsika, ndipo kwa kanthawi anakondwa ngati mwana, ataiwala kuti chikhocho chinali cha yani.

Makse anali atapempha tiyi pang'ono kwa amonke a kukachisi wa kuphiri, uja wopera amene amamwa akuluakulu. Mkazi wake anamutakasa mumphika mpaka thovu, ndipo Ubok anathira yekha m'chikho, kuchidzaza, asanalowe nacho. Anamukhazika Dalle, Makse atamugwirira kumsana.

Dalle anachilandira ndi manja awiri. Anachitembenuza pang'ono, kuwala kwa pakhomo kukusewera m'mbali mwake.

"Amayi anga ine," ananong'ona. "Dongo lija ndi ili?"

"Lomwe lija. La mapazi anu."

Anamwa. Ankamwa pang'ono, kupuma, kutsokomola, kumwanso, maso ali m'chikho. Munthu amene masiku anayi sanameze kanthu anamwa tiyi yense uja, chifukwa ankadikira kuti madzi aphwe. Thovu linatsika, linatsika, mpaka pansi panaoneka. Panali pobiriwira, posalala, popanda kanthu. Anachipendeketsa uku ndi uku. Anapukuta ndi chala.

"Wapita kuti?"

Makse anasuzumira paphewa la mlongo wake, kenako anadzutsa maso n'kuyang'ana mlamu wake.

"Moto," anatero Ubok. "Moto unali waukali malo aja. Unamudya."

Dalle anapisa dzanja pansi pa mphasa yake, kufufuza, n'kutulutsa kaphale kobiriwira. Kanali ka pachulu cha kutsidya, ndipo panali khosi ndi mutu wa kakowa, woyera mbee. Pansi pa mphasapo panali tina tambiri, timene anakhala akutola zaka ndi zaka Ubok osadziwa.

"Moto sudya dongo loyera, bambo a Bori. Ine ndine mkazi wa woumba." Sanakweze mawu. "Zaka makumi anayi mwandikalipira, mwandinyanyalira, koma kundinamiza ayi. Mwayamba lero?"

Ubok anagwada pamene anaimapo. Ananena zonse, za chikho chachiwiri, za mwendo wokhota, za maganizo ake m'chisakasa muja, ndipo pozinena mokweza anazimva yekha kupusa kwake.

Dalle anamubwezera chikhocho, mosamala, ndi manja awiri monga anachilandirira.

"N'chokongola. Mwamupeza Mtchaina wanu, mwinanso mwamupitirira. Ndakondwa nanu, zoona. Koma n'chake ichi." Ananyambita milomo n'kukwinya nkhope. "Ndiye mfumu imamwa zowawa chonchi? Bola phala langa la mawere. Changa chili kuti? Munachiphwanya?"

"Ayi! Chilipo."

Anathamanga ngati mnyamata, kukwera pathandala, kubwera nacho. Chinali chotuwa, chafumbi, chopepuka ngati chigoba cha dzira, dongo louma chabe. Dalle anachiika pachifuwa n'kulowetsamo chala, kutsata khosi, phiko, mpaka kumwendo.

"Mwendowu ndinaukhotetsadi," anatero, akumwetulira.

"Ndichiwotcha, mayi a Bori. Ng'anjo yoyamba, chisanu chikangotha. Ndichiika pamalo abwino koposa, mdindo aone kapena asaone."

"Chisanu chikatha," anavomera Dalle, monga umavomerera mwana akamalonjeza kuti akadzakula adzakumangira nyumba.

Anamwalira mkuja wake, m'mawa, chikho chosapsacho chili pambali pa mutu wake.

Makse sanalankhule ndi mlamu wake tsiku lonse la maliro. Anakumba nawo manda paphiri, kuseri kwa ng'anjo, pamene pamaonekera nyanja patali. Madzulo ake anamupeza Ubok akuunjika nkhuni pabwalo, chikho chosapsa chili pathabwa.

"Mukuchita chiyani?"

"Ndichiwotche pano. Chisabiriwire, bola chilimbe."

"Dongo losefa limenelo pamoto wa pamtunda? Liphulika musanaphethire, mukudziwa kuposa ine. Mwamulanda kamodzi, mukufuna mumulandenso kachiwiri? Chisiyeni, alamu. Chisiyeni mmene anachisiyira mwini wake."

Bori anafika kuchokera kuzilumba mtembo usanatsekeredwe. Atamva kuti pali chikho chobiriwira chobisidwa m'chisakasa, anakachitenga pansi pa nsalu yake n'kubwera nacho kwa atate ake.

"Aikireni ichi, atate. Amayi apite ngati munthu. Icho chinacho ndi matope, anthu adzati chiyani?"

"Amayi ako anachikana ichi, mwanawe. Anati si chawo."

Anaika yekha chikho chosapsacho m'manja mwa mkazi wake, kakowa akuyang'ana kunkhope, supuni yake yamtengo pambali. Ankadziwa bwino chimene nthaka yonyowa imachita ndi dongo losapsa, koma china choti amupatse analibe.

Atachoka kumanda anatenga chikho chobiriwira chija n'kupita nacho kuchulu cha mapale. Kumweramo sakanatha, kuchionetsa munthu sakanatha, ndipo kuchikweza chombo kuti akamweremo mlendo mtima sunalole. Mbale ili ndi njira ziwiri basi. Inali nthawi yoyamba kuti nyundo yake igwere chinthu chopanda chilema, ndipo inagwa kamodzi kokha, monga mwa masiku onse. Phale la Mtchaina analibwezera m'nsalu zake zitatu, ndipo palibe anamuonanso akulitulutsa.

Patapita masiku atatu, Bori atabwerera kwa mwamuna wake, Ubok anakhala pakhonde masana, manja ali pamaondo. Pabwalo panalibe mbale ngakhale imodzi, ntchito ya chaka inali itatha, ndipo mphasa za mapesi zinali zopindidwa pansi pa denga pamene Dalle anaziika komaliza. Kuphiri mtambo unayamba kuda. Unada, unatsika, mphepo inayamba kununkha dothi, ndipo m'chigwa monse palibe anakuwa. Ubok anadzipeza akutchera khutu, kudikira mawu aja. Dontho loyamba linagwa pafumbi, pafupi ndi phazi lake.

Makse anali pakhomo pake akulowetsa nkhuni pamene anaona nkhalamba ikuthamanga kukwera phiri, mphasa zitatu kumutu, ikuterereka, kugwa, kudzuka. Anataya nkhuni n'kuitsatira. Pofika pamwamba mvula inali itatsanulidwa. Ubok anali atagwada pamtumbira watsopano, akuyala mphasa, mphepo ikuziulutsa, iye kuzigwira ndi bondo n'kumafufuza miyala yotsinjirira m'makona.

"Alamu! Tiyeni kunyumba, mudwala!"

Ubok sanacheuke.

"Alamu, mvula ikalowa pansi mphasa siiletsa. Mukudziwa inu."

"Sichinapse, Makse," anatero Ubok, madzi akutsika m'ndevu zake. "Sichinapse."

Makse anaima kanthawi, akuyang'ana msana wopindika uja. Kenako anavula chofunda chake cha udzu, kuchiyala pamwamba pa mphasazo, n'kugwada mbali inayo kugwira kona imene inkauluka. Anakhala choncho awiriwo, wina uku wina uku. Madzi ofiira ochokera kumtunda anali atayamba kale kuyenda pansi pa mphasa.